Kamavu ka ku Paraguay kamene kadapulumutsa chinangwa chathu

Loweruka lina ndidakhala pa khonde la golosale ya pamsika wa kwathu kuno kudikira kuti dzuwa lipendeke, ndipo anthu amene adazungulira bawo adayamba kukambirana za ndalama zimene maiko akunja amapereka kuti akatswiri azichitira kafukufuku wa zaulimi. Nkhaniyi idabuka chifukwa mmodzi wa iwo adamva pa wailesi kuti chithandizo chotere chikunka chichepa, makamaka kuyambira m'chaka cha 2025 pamene boma la America lidatseka bungwe lake la USAID. Bambo ena amene ankadikira kuti alowe m'bawomo adati: "Atseke basi. Ife ndalama zimenezo tidazionapo liti? Zimathera m'mahotela a kunyanja ndi m'magalimoto a matayala akuluakulu. Akadatigulira feteleza bwenzi tikuti zikomo." Anthu adaseka navomereza. Ine chidandiseketsa n'china. Bambowo ankalankhula zimenezi uku akutafuna chinangwa chophika chimene adagula kwa mtsikana wa beseni pamutu.

Sindidawatsutse pagulu, poti mwa zina adanena zoona, ndipo ndifikako ku zimenezo. Koma chinangwa chidali m'manja mwawocho chili ndi mbiri yake imene ine ndidaiona ndi maso angawa, ndipo ndaganiza zoilemba pano ndisanaiwale, poti ambiri amene tidaiona takalamba.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980 ndidali mlangizi wa zaulimi wongoyamba kumene ntchito, ndipo adanditumiza m'boma la Nkhata Bay. Ine ndidakulira nsima ya chimanga, kotero kondowole adanditengera miyezi kuti ndimuzolowere. Masiku oyamba ankandikakamira ku zala ndi kukhosi komwe, ana a pamudzi n'kumandiseka. Koma sindidachedwe kuona kuti anthu a m'mbali mwa nyanja adali ndi nzeru imene ife a kumtunda tidalibe. Nkhokwe yawo idali pansi pa nthaka. Mayi ankapita kumunda, kuzula mitengo ingapo, kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuyanika pa thandala, kusinja, ufa wapezeka. Masamba ake ndiye chigwada, ndiwo ya tsiku ndi tsiku usipa ukasowa. Mvula ikadula chimanga chimafota, koma chinangwa chimapirira. Mwezi wa Febuluwale umene kwathu ana amagona ndi njala, kumeneko utsi unkafuka pa mafuwa monga mwa masiku onse.

Cha m'ma 1985 alimi adayamba kudandaula kuti nsonga za chinangwa zikuchita zachilendo. Masamba a kunsonga ankapiringizika n'kuunjikana pamodzi ngati kabichi wamng'ono, mtengo n'kusiya kukula, mfundo zake n'kuyandikana ndi kupindika. Ukatambasula nsongayo unkapeza zoyera ngati thonje, ndipo m'kati mwake tizilombo tofewa, tofiirira pang'ono, tosayendayenda, tochuluka ngati nsabwe pa msoko wa malaya. Ameneyu ndiye kodikodi. M'dzinja ankachepa chifukwa mvula inkamukokolola, koma pofika chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, minda yathunthu inkayoyoka masamba n'kutsala mitengo yokhayokha ngati yadutsa moto wolusa. Ukazula unkapeza mizu yowonda ngati chala, mwina osapeza kanthu. Mbewu nayonso idayamba kusowa, poti mtengo wopindika ndi wouma nsonga sumera bwino.

M'zaka za 1986 ndi 1987 njala idafika posauzana m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kufikira boma lidayamba kugawa chakudya kwa anthu amene chibadwire sadaimepo pa mzere wolandira chimanga. Ndikukumbukira agogo ena aakazi amene adandiimitsa ndili pa njinga, nandikokera kumunda kwawo. Adalankhula m'Chitonga, koma mwachidule adati: "Ada, inu mudapita kusukulu ya zaulimi. Dzombe timalidziwa, nguluwe timazidziwa, anyani timawadziwa. Ichi n'chiyani, ndipo chachokera kuti?" Ndidangokanda pamutu. M'mabuku onse amene tidaphunzira mudalibe kachilombo kameneka.

Poti ndinkaganiza kuti mlangizi sayenera kusowa chonena, ndidachita zimene tidazolowera pa thonje. Ndidabwereka mpope, ndidagula botolo la mankhwala ndi ndalama za m'thumba mwanga, tidapopera munda wa agogowo. Patatha sabata ziwiri kodikodi adali pompo. Mankhwala sankamufika chifukwa thupi lake limakutidwa ndi phula loyera lija losalowa madzi, ndiponso amabisala m'kati mwa masamba opiringizika. Kuonjezera apo ndidawaletsa kuthyola chigwada m'mundamo kwa masiku angapo poopa poizoni, ndiye kuti ndidawalanda ndi ndiwo yomwe idawatsalira. Ndipo ngakhale mankhwalawo akadagwira ntchito, ndi mlimi uti akadakwanitsa kugula botolo mwezi ndi mwezi pa mbewu yongodya pakhomo? Agogowo sadandinenere choipa. Adangoti, "Mwayesa, mwanangu."

Funso lawo lakuti chachokera kuti ndidalipezera yankho patapita nthawi, ndipo yankho lake ndi limene likutifikitsa pa nkhani ya ndalama zija. Chinangwa si mbewu ya makolo a mu Africa muno ayi. Kwawo ndi ku South America, ndipo adabwera nacho ndi Apwitikizi pa zombo zawo zaka zoposa 400 zapitazo. Chidabwera chokha, adani ake ambiri n'kutsala kutsidya kwa nyanja yamchere, n'chifukwa chake chidakondwa m'nthaka yathu. Kodikodi adachilondola mochedwa. Adayamba kuoneka m'chaka cha 1973 kufupi ndi mizinda ya Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti adalowa pa mitengo ya mbewu imene wina adabwera nayo osaiyezetsa. Padalibe amene ankamudziwa, kotero kuti dzina lake la sayansi, Phenacoccus manihoti, adachita kumupatsa m'chaka cha 1977 mayi wina katswiri wa tizilombo wa ku France, Danièle Matile-Ferrero. Kodikodi ameneyu alibe wamwamuna. Onse ndi aakazi ndipo amaikira mazira ofika 500 popanda tambala. Ana ake akangoswa amauluzika ndi mphepo, ena amayenda pa mitolo ya mbewu imene timapatsana pachibale. Motero ankatha kudutsa makilomita 300 pa chaka, ndipo m'minda yogwidwa kwambiri zokolola zinkatsika ndi magawo 80 pa 100 alionse. Anthu pafupifupi 200 miliyoni a mu Africa amene ankadalira chinangwa adali pa ngozi.

Tsono taonani mmene chithandizo chidayendera. Ku Ibadan m'dziko la Nigeria kuli malo a kafukufuku otchedwa International Institute of Tropical Agriculture, mwachidule IITA, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1967 ndi ndalama za mabungwe awiri a ku America, la Ford ndi la Rockefeller. Chaka chomwecho adakhazikitsanso malo ena otere ku Colombia, kufupi ndi mzinda wa Cali, otchedwa CIAT. M'chaka cha 1971 maiko olemera angapo pamodzi ndi World Bank, FAO ndi UNDP adagwirizana zoti azisonkha ndalama chaka ndi chaka zoyendetsera malo oterewa, mgwirizano umene umadziwika kuti CGIAR. Mwina mungafunse kuti bwanji dziko lililonse silidangodzifufuzira lokha. Taganizani, boma la Malawi la nthawi imeneyo likadatha kutumiza munthu kukayendayenda m'minda ya ku South America kufunafuna kachilombo kosaoneka bwino ndi maso? Zaire nayo ikadatha? Nanga a ku South America akadavutikiranji kufufuza kachilombo kamene kwawoko sikawononga kanthu? Vuto lidali kuno, mankhwala ake adali uko, ndipo ndalama zidali kwina. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo iyi idali nsabwe yeniyeni.

M'chaka cha 1979 ku IITA kudafika katswiri wa tizilombo wa zaka 31 wochokera ku Switzerland, dzina lake Hans Herren. Panthawiyo ena ankaganiza zopopera mankhwala m'maiko onse ogwidwa, ena zopanga mbewu yopirira, ntchito yotenga zaka zambiri. Herren adaima pa ganizo lina: ngati kodikodi adachokera kwawo kwa chinangwa, ndipo kumeneko alimi sadandaula naye, ndiye kuti kuli china chake chimene chimamudya, ndipo chofunika n'kuchipeza n'kubwera nacho kuno. Kunena n'kosavuta. South America ndi dera lalikulu zedi, ndipo kachilombo kamene adani ake akukagonjetsa kamakhala kosowa, ndiye ukakafunefune kuti? Bungwe la IFAD, la United Nations, limene likulu lake lili ku Rome, lidaika ndalama pa ntchitoyi, kenaka maiko monga Switzerland, Germany ndi Austria adaonjezerapo. Poyamba ofufuza adasokera. Kumpoto kwa South America adapeza kodikodi wofanana kwambiri ndi wathuyu, adatola adani ake n'kupita nawo ku Africa, koma adaniwo adakana kuswana pa kodikodi wa kuno. Akatswiri a ku London atayang'anitsitsa adapeza kuti udali mtundu wina, wokhala ndi aamuna ndi aakazi omwe, ndipo adautcha Phenacoccus herreni potengera dzina la Herren yemweyo. Apo ndalama ndi nthawi zidapita pachabe. Opereka ndalama akadakhala osapirira, nkhani ikadathera pomwepo.

M'chaka cha 1981 Anthony Bellotti, katswiri wa ku America amene ankagwira ntchito ku CIAT, adapeza kodikodi weniweni m'munda wina m'dziko la Paraguay. Adali wochepa kwambiri, monga momwe Herren adaganizira. Akatswiri a bungwe la Commonwealth Institute of Biological Control adapita kukatola tizilombo timene tinkamudya, koma sadathamangire nato ku Africa. Adayamba apita nato ku England, dziko lozizira losalima chinangwa, kumene adatisunga m'zipinda zotseka n'kutiyeza kuti aone ngati tilibe matenda ndiponso ngati m'kati mwake simudabisale tizilombo tina tosafunika. Iyi ndi mbali imene ine ndimailemekeza kwambiri, chifukwa zikuoneka kuti kodikodi yemweyo adalowa mu Africa kaamba ka munthu wothamanga amene sadafune kudikira zoyezayeza. Mwa tizilombo tonse timene adayesa, kamene kadapambana ndi kamavu kakuda kotchedwa Anagyrus lopezi, kamene m'mabuku akale amakalemba kuti Epidinocarsis lopezi. Chakumapeto kwa 1981 adakamasula koyamba m'minda ya ku Ibadan.

Musaganize za mavu a m'denga aja otupitsa diso. Aka sikaposa njere ya mawere, sikaluma munthu kapena chiweto, ndipo sikadya mbewu. Kakakazi kamayendayenda pa nsonga ya chinangwa, kakapeza kodikodi kamamubaya n'kuikira dzira m'thupi mwake. Dziralo limaswa kamphutsi kamene kamadya kodikodiyo cham'kati mpaka kufa, thupi lake n'kuuma kusanduka kachikwa kolimba kofiirira. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu chiikireni dzira, m'kachikwamo mumatuluka kamavu katsopano. Kodikodi wina kamangomubaya n'kumuyamwa madzi. Akatswiri adapezanso kuti kamalondola fungo la chinangwa chogwidwa ndi kodikodi, n'chifukwa chake kamapeza ngakhale munda wobisika kuseri kwa phiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti moyo wake wonse wagona pa kodikodi. Iye akachepa nako kamachepa, akachuluka nako kamachuluka. Sikamumaliza psiti, kamangomupondereza kuti asafike powononga.

Kuweta timavu tokwanira Africa yense idali ntchito inanso. Kuti uwete kamavu uyenera kuweta kodikodi, ndipo kuti uwete kodikodi uyenera kulima chinangwa m'nyumba chaka chonse. Timavu timeneti sitikhala moyo masiku ambiri m'botolo, ndipo misewu ya maiko ambiri idali yoipa, kotero adafika pogwiritsa ntchito ndege youluka m'munsi yotiponya m'minda. Nthambi ya OAU yoona za matenda a mbewu idavomereza ntchitoyi, ndipo akatswiri a dziko lililonse ankaphunzitsidwa kuti azilondola okha mmene zikuyendera kwawo. M'chaka cha 1988 ntchitoyi idasamukira ku malo atsopano ku Cotonou m'dziko la Benin. Pofika 1990 kamavu kameneka kadali katakhazikika m'maiko oposa 20.

Ine ndegeyo sindidaione. Chimene ndidaona ndi galimoto imene idafika m'dera langa ndi akatswiri a kafukufuku a boma lathu pamodzi ndi mlendo mmodzi, atanyamula bokosi lozizira ngati la katemera. Tidaitanitsa msonkhano kwa amfumu. Atamva kuti alendowo abweretsa mavu, bambo ena adaimirira nati: "Amfumu, njala tapirira, tsopano atibweretsere ndi mavu omwe?" Ena ankanong'onezana kuti tizilomboti tikamaliza kodikodi tiyamba chimanga ndi nthochi. Ine ndidathandiza kufotokoza monga ntchito idafunira, koma mumtima ndidali mbali ya anthuwo. Titafika m'munda adatsegula timabotolo pafupi ndi nsonga zogwidwa, ndipo tidaona tinthu takuda ngati fumbi la makala tikuuluka n'kuzimirira. Basi, ntchito yatha. Anthu adayang'anana. Iwo ankayembekeza matumba, mipope, kapena mbewu yatsopano. Agogo aja adandifunsa chapansipansi ngati alendowo adzabwerenso ndi mankhwala enieni.

Chaka choyamba sitidaone kusintha kulikonse, ndipo ndikamadutsa pa njinga ana ankandifunsa kuti mavu anga ali kuti. Koma akatswiri aja adali atandiphunzitsa kuyang'ana tizikwa touma m'nsonga, ndipo chilimwe chotsatira ndidayamba kutipeza, poyamba m'munda umene tidamasuliramo, kenaka m'midzi imene galimoto ija sidafikeko n'komwe. Pang'onopang'ono, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, minda idayamba kudutsa chilimwe ili ndi masamba. Sikuti zidakoma paliponse nthawi imodzi ayi. M'minda ya mchenga wokhawokha, yolimidwa zaka zambiri osapumula, kodikodi adapitiriza kuvuta ngakhale kamavu kadalipo. Kafukufuku adaonetsa chifukwa chake: pa chinangwa chanjala kodikodi amakula wonyentchera, ndipo kamavu kakapeza kodikodi wamng'ono kamaikiramo dzira la mwana wamwamuna, amene sabaya kodikodi ndipo saikira mazira. Kuphimbira nthaka ndi udzu ndi zinyalala za m'munda ndiko kudathandiza pamenepo. Agogo aja sadakhulupirire za mavu mpaka ndidachoka m'deralo. Iwo ankati mliri udangotopa wokha monga imatopera miliri yonse.

Sindiwadzudzula, poti chithandizo cha mtundu uwu sichioneka. Thumba la feteleza umalisenza pamutu, umadziwa amene wakupatsa, ndipo chaka chamawa umafunanso lina. Kamavu adakamasula kamodzi, mlimi sadalipe ngakhale tambala, ndipo mpaka lero kakugwirabe ntchito m'munda mwake iye osadziwa. Akatswiri a zachuma adayesa kuwerengera phindu lake. Richard Norgaard wa ku America adapeza m'chaka cha 1988 kuti dola imodzi iliyonse imene idalowa pa ntchitoyi idabweza madola 149. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2001, woyang'ana maiko 27 pa zaka 40, adapeza madola pafupifupi 200 pa dola imodzi, ndi kuposa apo ngati tiwerengera mitengo ya m'misika ya mu Africa momwemuno. Herren adalandira mphotho ya World Food Prize m'chaka cha 1995.

Tsono ndibwerere kwa bambo a pa bawo aja, chifukwa sadalankhule zamisala. Pa zaka zanga za ulangizi ndidaona ntchito zambiri za ndalama zakunja zimene zidabwera ndi zikwangwani, zipewa ndi misonkhano ya alawansi, zitatha zaka zitatu n'kuzimirira, galimoto yake n'kutsala pa miyala kuseri kwa ofesi. Ndidaona minda yachitsanzo ya mbewu zimene palibe mlimi adazipempha, chifukwa amene adasankha chofufuza ndi mwini ndalama ali kutali. Ndidaonanso akatswiri athu akugwira ntchito yakalavulagaga yoyenda m'minda ndi kuwerenga tizilombo, koma pa lipoti dzina lawo n'kukhala kumapeto, mwina osaoneka n'komwe. Ngakhale m'nkhani ya kodikodi yomweyi, dziko limakumbukira Herren, chikhalirecho amene adakwera zitunda za ku Nkhata Bay chilimwe ndi chilimwe kuwerenga nsonga ambiri adali Amalawi. Ndipo tisabise, maboma athu a mu Africa muno adazolowera kusiyira alendo ntchito ya kafukufuku ngati kuti ndi mwana wamasiye. Adalonjezana kuti aziika gawo limodzi pa magawo 100 a chuma cha dziko pa kafukufuku, koma ochuluka sadafikepo pamenepo. Mmene ndikuonera ine, chimene chidasiyanitsa ntchito ya kodikodi ndi zina zija n'chakuti vuto lake lidali lolira alimi eniake, ndipo ndalama zidapitirira kubwera zaka zoposa 10, osathawa pamene zinthu zidasokonekera poyamba.

Ngongoleyo Africa adabwezako. M'chaka cha 2008 kodikodi yemweyu adatulukira ku Thailand, dziko lodziwika pogulitsa kunja chinangwa chouma ndi ufa wake wambiri. Iwo sadafunikire kupita ku Paraguay. M'chaka cha 2009 adatenga timavu ku Cotonou n'kutiweta, ndipo mu 2010 adatimasula m'minda yawo mothandizana ndi IITA ndi CIAT. Izi zidatheka chifukwa padali wina amene adapitiriza kulipira magetsi ndi malipiro a anthu osunga timavu ku Benin zaka zonsezo, pamene kuno nkhani ya kodikodi idali itaiwalika. Kunonso kwathu, chitatha chilala cha 1992, ntchito yochulukitsa mbewu ya chinangwa ndi mbatata idayenda ndi ndalama za USAID yomweyo, ndipo mgwirizano wa maiko a SADC wofufuza za mbewu zimenezi wotchedwa SARRNET udali ndi likulu lake ku Chitedze. Mitundu monga Sauti, Mkondezi, Maunjili ndi Silira idatuluka m'kugwirizana kwa akatswiri athu ndi a IITA. Chimene bambo aja ankatafuna chidaoneka ngati Manyokola, mtundu wakalekale wa alimi eniake wosachokera ku kafukufuku, koma nawonso kodikodi sankausiya.

Tizilombo sitidasiye kuwoloka nyanja. Mtundu watsopano wa mbozi za ntchemberezandonda, wochokeranso ku America, udaoneka koyamba ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha mbozizo. Chinangwa nacho chili ndi adani ena, khate ndi matenda oola mizu aja amene umati ukadula n'kupeza m'kati muli zofiirira zolimba, ofala m'mbali mwa nyanja. Kusamutsa tizilombo tothandiza kuchoka dziko lina kupita lina nakonso kudavuta kuposa kale, poti pangano la ku Nagoya la 2010 limafuna kuti dziko lochokera kachilomboko livomereze ndi kupindulapo, zimene ndi chilungamo ndithu koma zimatenga nthawi ndi ndalama. Ine chimandidetsa nkhawa n'chakuti, kukagwa kodikodi wina mawa, ulendo wa ku Paraguay adzalipira ndani?

Amene muli ndi chinangwa mutha kukaona nokha kamavu ndikunenaka. M'chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala, funani nsonga yopiringizika muitambasule bwinobwino. Pakati pa kodikodi wofewa mudzaona tina touma, tolimba, tofiirira, ndipo tina tili ndi kabowo kumapeto, kusonyeza kuti mwini wake adatuluka kale. Thyolani nsongayo muiike m'botolo louma, kukamwa kwake mumangeko kansalu, muliike pamthunzi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona tinthu takuda tikuyenda m'botolomo, ndipo mukatha kuonerera mukatimasule m'munda. Mukapeza tizikwa totere m'munda mwanu musapopere mankhwala, chifukwa amapha kamavu msanga kusiya kodikodi atabisala m'phula lake. Bzalani ndi mvula yoyamba kuti chilimwe chidzapeze mbewu italimba, musatenge mbewu m'munda wa nsonga zopiringizika, ndipo a pa mchenga phimbirani nthaka. Ine botolo langa ndatsuka kale. Ndikudikira chilimwe kuti ndipite nalo pa bawo paja.